Alenje Anga Asanu a Shuga

Lolemba

Ramil wandipatsa kabokosi lero pa nthawi yopuma, kuseri kwa khichini komwe timakhala pa makreti a mkaka. Ramil ndi mnzanga wa ku Philippines, timagwirira limodzi mbali ya makeke pa hotela. Kontrakiti yake yatha, akukwera ndege Lolemba likubwerali.

M'kabokosimo muli tidole tisanu ta pulasitiki, totuwa, tosapenta, kalikonse kutalika ngati chala changa chachikulu.

Ndi ta masewera aja amasewera Loweruka lililonse ndi anzake pa kafe ina ku Al Mirqab. Ndapitako kawiri kukangoonerera. Amayala tebulo lonse kukhala London wakalekale, wa ngolo za akavalo: nyumba za makatoni, nyali za mumsewu, manda, thonje loyerekeza nkhungu. Mbali imodzi kumakhala alenje, mbali inayo anamapopa ndi mitembo yoyenda. Amaponya madayisi, amayeza mtunda ndi tepi, amakangana ngati ndi nkhani ya malire a munda. Anthu akuluakulu, ena a imvi!

Loweruka lino ndi masewera omaliza a Ramil. Akufuna ndikakhale mbali yake, ndi alenje angaanga. Lamulo lawo ndi limodzi: kadole kosapenta sikaponda pa tebulo.

"Iwe umalemba dzina la munthu pa keke ndi dzanja limodzi," akutero. "Izi ndi zazing'ono."

Zaka zitatu ndili ku Doha kuno. Kupatula kuntchito ndi kumapemphero, aka n'koyamba munthu kundiitana kuti ndikachite nawo kanthu.

Alenje anga:
1. Bwana wa chipewa chachitali, ndodo m'manja.
2. Mayi wamasiye wa diresi lofika pansi, wanyamula mfuti.
3. Dokotala ndi kachikwama kake.
4. Wapolisi wa ndevu za m'masaya.
5. Mdzukulu wokumba manda, ndi fosholo yake.

Pulani: Lachiwiri kuumba. Lachitatu penti woyamba. Lachinayi penti weniweni. Lachisanu kupuma ndi kuwasirira. Zosavuta.

Lachiwiri

Sindikufuna akhale ngati a wina aliyense. Ramil akuti kumeneko aliyense amasintha tidole take, ena amadula mutu wa aka n'kuumata pa kena. Ine ndikufuna aoneke a kwathu.

Bwana wa chipewa avale jasi lalikulu ngati la agogo anga aamuna, lija ankavala polondera sitolo ku Balaka ngakhale mwezi wa Okutobala. Mayi wamasiye amange duku. Wapolisi agwire chibonga. Mdzukulu ataye fosholo atenge khasu, chifukwa sindinaonepo munthu akuyamba manda ndi fosholo. Dokotala akhale mmene aliri, dokotala ndi dokotala kulikonse.

Vuto ndi choumbira. Ramil amagwiritsa ntchito phala lina lobiriwira lochita kuitanitsa pa intaneti, ndipo lake latha. Kuitanitsa lero, lifika iye ali kale kwawo.

Nzeru yandibwerera ndikukuta keke ya ukwati. Fondanti! Shuga woumba uja timakutira makeke ndi kupangira maluwa. Amaumbika bwino, amauma gwa, ndipo manja angawa amamudziwa kuposa china chilichonse. Ndapempha zotsala kwa shefu wamkulu. Sanandiyang'ane n'komwe: "Khalas, tenga, zikupita ku bini."

Shifiti yatha 2 koloko. Basi ya kampani mpaka ku Bin Omran komwe timakhala, kenako kuchipinda. Timagona anayi m'chipindamo, koma masana ndimapezamo a Che Sumani okha, bambo achikulire a ku Machinga amene amayendetsa galimoto ya banja lina. Bedi lawo lili pansi pa langa.

Ndaumba ndi singano ndi chotokosera m'mano. Jasi latuluka bwino zedi, mpaka mabatani atatu. Duku nalonso, mfundo yake kumbuyo. Fondanti atatsalako ndawonjeza timiyala ta pamanda tisanu ndi kamodzi, toti tikakongoletse tebulo.

A Che Sumani ayang'ana nthawi yaitali, magalasi pamphuno. Afunsa ngati ndikutumizira ana kumudzi. Ndati ayi, ndi zanga. Angoti "Ehe," n'kutembenukira kukhoma.

Zonse ndaziika pa windo kuti ziume.

Lachitatu

Timiyala ta pamanda tatsala tiwiri.

A Che Sumani sakukana. Akuti anaona timaswiti pa windo, ndipo tiyi wawo wa m'mawa analibe chomwera. Nditawauza kuti adya manda, anaika kapu pansi n'kunena mawu angapo a Chiarabu, osati a kuntchito aja. Kenako: "Achimwene, mukanalembapo."

Ndinalembapo! Kamwala kalikonse kanali ndi R.I.P., yolemba ndi singano. Akuti ankayesa ndi dzina la kampani.

Zilibe kanthu, alenje ali bwinobwino. Lero penti woyamba. Ramil wandibwereka timabotolo tisanu ndi kaburashi kaubweya wochepa ngati nsidze.

Zomwe ndaphunzira:
- Penti ameneyu amasungunula ndi madzi.
- Shuga naye amasungunuka ndi madzi.
- Izi ndimazidziwa kale. Ndimazinena ndekha kukhichini tsiku lililonse.

Jasi la agogo layamba kutsetsereka paphewa. Batani limodzi lapita. Duku lafewa mpaka latsikira kumaso, mayi wamasiye sakuonanso komwe akuloza mfuti. Ndasiya msanga, ndawaimika onse kutsogolo kwa eyakoni.

Amayi a Tadala aimba pa vidiyo ndili ndi burashi kukamwa. Ndawaonetsa alenje mmodzimmodzi. Anawayang'anitsitsa osaphethira mpaka ndinayesa netiweki yadula. Kenako afunsa, mwaulemu ndithu, ngati kutentha kwa kuno sikukundipweteka mutu. Koma ataona jasi lija aseka. Akuti ndi agogo enieni, ngakhale kupendekera kwakeko, chifukwa iwo anawapeza atayamba kale kuyenda chammbali. Mwana wathu Tadala akuti wa dukuyo ndi wake ndikadzabwera ku holide.

Nzeru yatsopano: kuwapaka kaye kyutekisi wopanda mtundu, uja amayi amapaka m'zikhadabo, kuti madzi asakhudze shuga. Mawa zonse zibwerera m'malo. Tachedwa ndi tsiku limodzi lokha.

Lachinayi

Nyerere.

Pobwera ku shifiti ndapeza mzere wakuda kuchokera pa mng'alu wa eyakoni, kutsika khoma, kudutsa pa chaja ya foni, mpaka pa alenje anga. Zaka zitatu m'chipinda chino sindinaonemo nyerere ngakhale imodzi. Nsanjika yachitatu! Waziuza ndani?

Zowonongeka:
- Jasi la agogo: mabowo okhaokha, ngati neti yakale.
- Duku: latsala theka.
- Khasu: watsala mpini, chifukwa mpiniwo ndi chotokosera m'mano.
- Chibonga: palibe ngakhale chizindikiro.
- Dokotala: alibe shuga, sizinamukhudze. Wangoima ndi kachikwama kake ngati akudikira kuti wina amuitane.

Ndauzira, ndakutumula, ndaziopseza. Ndili mkati mozichotsa imodziimodzi ndi singano, a Che Sumani alowa ndi mankhwala opopera mphemvu, n'kupopera asanafunse. "Yalla, zife zonse."

Zafadi. Koma mankhwalawo adya penti, alumanso pulasitiki. Nkhope ya wapolisi yatsetsereka, diso limodzi lili patsaya. Penti wosakanikirana ndi shuga wayenderera m'makosi mwa onse. Dokotala naye tsopano akufunika dokotala.

A Che Sumani ayang'ana nkhope yanga, avala nsapato, atuluka. Abwera ndi makapu awiri a tiyi wa karak ndi kabotolo ka kyutekisi. Akuti m'shopumo anachita kuloza ndi chala, akuyang'ana kumbali, ndipo wogulitsa anawafunsa ngati akufunanso wofiira. Bambo a msinkhu wawo! Mkwiyo wonse wathera pomwepo.

Ndamuimbira Ramil kuti ndikufuna ku-cancel. Sakufuna kumva. Ndamuuza kuti alenjewa sangaponde pa tebulo la anthu. Wafunsa funso limodzi, apentedwa kapena sanapentedwe? Ndati apentedwa, pena ndi penti, pena ndi mankhwala a mphemvu. Akuti ndiye lamulo lakwana, ndibwere nawo mmene aliri.

Lachisanu

Tsiku lopuma. Malinga ndi pulani, lero ndi lowasirira.

Ntchito yopulumutsa yayamba 8 koloko. Fondanti sindikufunanso kumuona kunja kwa khichini. Zomwe ndayesa:
- Kutseka mabowo a jasi ndi tishu ndi guluu. Zikuoneka ngati mabandeji a chaka chatha.
- Kubwezera diso la wapolisi. Ndajambula lina pamalo pake, koma lakale lija silikufufutika. Ali ndi atatu.
- Kupaka onse kyutekisi. Akunyezimira ngati angovuulidwa m'chithaphwi. Nyerere ziwiri zakufa zamatirira pamsana pa mdzukulu, sizikuchoka.

A Che Sumani pochokera ku mzikiti akhala pambali panga kundiwalitsira tochi ya foni. Tsopano ali ndi maganizo pa chilichonse. Akuti mdzukulu sangapite kwa anthu ndi mpini wokha, n'zochititsa manyazi. Adula kachidutswa ka chitini cha soda, apinda ndi pulayala yawo ya m'galimoto, amangirira ndi ulusi. Khasu latuluka labwino kuposa langa lija. Sindinawauze.

Afunsa malamulo a masewerawo. Ndafotokoza zomwe ndikudziwa: alenje amalowa m'nkhungu, anamapopa amawadikira m'makona, madayisi ndiwo amagamula. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako afunsa kuti wopambana amalandira chiyani. Ndati palibe. Afunsanso kuti nanga wogonja amataya chiyani. Ndati palibenso. Akuti ndiye ndi masewera abwino, kuno zinthu zotere n'zosowa.

Madzulo ndawaimika pamzere pa bedi, ndawayang'ana moona mtima. Awa si anthu opulumutsa mzinda. Utakumana nawo pamsewu ungathawire kwa anamapopa.

Komabe ndawagoneka pa thonje m'kabokosi ka makeke. Inshallah.

Loweruka

Shifiti yatha 2 koloko, pofika 4 koloko tili ku Al Mirqab ine ndi Ramil. Anthu asanu ndi atatu, tebulo layalidwa kale, nkhungu ya thonje ili mbuu. Alenje a anzathu ndi aukhondo, mabatani agolide, nsapato zopolisha. Wina wajambula mpaka wotchi ya m'thumba.

Ndatsegula kabokosi pang'onopang'ono.

Meera, mayi wa ku India amene amayendetsa masewerawo, watenga agogo ndi zala ziwiri, wawayandikitsa ku nyali, wawatembenuza uku ndi uku. Wafunsa kuti nsalu yowola chonchi ndaipanga bwanji. Ndati nyerere. Onse aseka, wina wandimenya paphewa, akuti katswiri aliyense ali ndi chinsinsi chake. Ndabwereza kuti nyerere zenizeni, za ku Bin Omran, n'kuloza ziwiri zija pamsana pa mdzukulu. Akuti taonani, waumba mpaka tizilombo. Mafoni atuluka, zithunzi.

Kenako chigamulo cha Meera: awa sangakhale alenje. Ndi mitembo yabwino kwambiri imene inapondapo pa tebulo lawo, ndipo mbali ya akufa ikuperewera munthu mmodzi.

Ndayang'ana Ramil. Sabata yonse ndakhala ndikukonzekera kuima pambali pake. Iye akuseka mpaka misozi.

"Pita uko," akutero. "Bola undiphe iwe kusiyana ndi awa."

Tasewera maola atatu. Malamulo sindikuwadziwa bwino, Meera akundinong'oneza. Wapolisi wa maso atatu wagwa poyambirira penipeni, osaona ngakhale komwe chipolopolo chachokera. Mayi wa duku wasochera kumanda. Dokotala wagundidwa ndi ngolo. Koma agogo ayenda pang'onopang'ono msewu wonse ndi jasi lawo la mabowo, zipolopolo zikuwaphonya, anthu akuwachemerera, mpaka apeza mkulu wa alenje a Ramil atabisala pansi pa nyali. Dayisi yanga yagubuduzika, yagunda kapu ya khofi, yaima pabwino.

Ndapha mnzanga pa masewera ake omaliza.

Wandikumbatira, wanena kuti penti yense ndi kaburashi kaja ndi zanga tsopano. Pobwerera watsikira pa malo ake, wakweza dzanja osatembenuka.

Lamlungu

Kuno Lamlungu ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse. Ndikulemba ndikudikira basi.

Alenje ndilibe. Ndavomera. Andilowetsa pa gulu lawo la pa foni, ndipo dzina andipatsa kale: wa mitembo. Meera anandinyamulitsa thumba la tidole makumi awiri totuwa kuti ndiwoletse ngati enawo, pofika mwezi wamawa. Ndamulembera zoona kachitatu, wayankha ndi kankhope koseka. Ndidzawoletsa bwanji sindikudziwa.

Mawa pa tebulo la Ramil kukhichini padzaima munthu wina.

A Che Sumani akuti Loweruka likubwerali, abwana awo akapanda kuwafuna, adzandiperekeza ku Al Mirqab. Akuti kukangoona basi.

Meera watumizanso tsamba la malamulo a mbali ya akufa. Ndi lalifupi. Akufa sathamanga. Sawombera patali. Sapambana kawirikawiri. Koma akagwa umaponya dayisi, ndipo ikagwera pa faifi kapena sikisi amadzukanso pomwe anagwerapo n'kupitiriza ulendo.

Ndawerenga kawiri. Basi ikuliza hutala panja, ndipo nsapato imodzi sindikuiona.