Chaati cha Amake Ravi

Lolemba, 10 koloko m'mawa, kukhitchini kwa Esnati, South Bend

Ndakhala pansi kulemba chifukwa m'nyumba muno mulibe womuuza. Esnati, mwana wanga, ali kushifiti kuchipatala, ndipo akabwera amangogwa pasofa ngati thumba la chimanga. Sukulu ndinalekeza sitandade 4, wowerenga apirire.

Nkhani ndi iyi. Mdzukulu wanga Tadala, nesi uja amakhala ku Lawrence, uko ku Indianapolis, wapeza mwamuna. Dzina lake Ravi, Mmwenye. Waulemu, amalandira chinthu ndi manja awiri, ndinangomuuza kamodzi. Vuto ndi amake. Chaka chathunthu akukana kuonana nafe. Tsopano avomera: Loweruka, 2 koloko, kunyumba kwa Tadala. Akakatuluka atakwinya nkhope, ukwati wapita, ndipo Tadala walira kale pafoni kawiri.

Ravi akuti amake amakonda chakudya china chogulitsa m'misewu kwawo, dzina lake chaati. Basi, ndiphika ine. Ndaphikira maukwati ndi maliro Chikwawa yonse. Chaati n'chiyani kwa ine?

Lachiwiri

Esnati wandionetsa pafoni mmene amapangira. Bambo wina waima pamsewu, manja ali phethuphethu, kanthawi kochepa watha. Ndiye kuphika kumeneko?

Tapita kusitolo ya amwenye. Fungo lake Limbe weniweni! Tagula:
mbatatesi
zitini ziwiri za tchana, nyemba zawo zozungulira
yogati, chomwe ndi chambiko chopita kusukulu
timabisiketi tamchere touma gwa
tinthu tachikasu tokazinga, towonda ngati ulusi
masamba onunkha nsikidzi, koma akuti osasiya
bwemba

Bwemba, anthu inu! Yemwe uja tinkatola pansi tikulimbirana ndi mbuzi, kuno ali mupaketi, wavala bwino. Ndaima naye m'sitolo ngati ndakumana ndi m'bale wanga. Ngati mayi ameneyo amadya bwemba, ndi munthu, tikamvana.

Lachitatu

Kuyesa koyamba. Ndatsata zapafoni ndendende. Zotuluka zake: anyezi wamuwisi, tomato wamuwisi, chambiko chozizira pamwamba pa mbatatesi. Mlendo wolemekezeka ndimupatse zimenezi? Akanene kwawo kuti kwa Tadala kulibe moto?

Ndakonza zolakwikazo. Anyezi ndakazinga. Tomato ndaphika mpaka wapsa bwinobwino. Ndathiramo kambuzi wanga wa m'botolo, tsabola weniweni, osati wakuno wongokongola khungu.

Esnati walawa, watsokomola, akuti, "Amayi, zikukoma, koma izi ndi ndiwo."

Munthu wodyera masangweji m'galimoto, adziwa chiyani?

Lachinayi

Ndatulutsa nkhuku mufiliji kuti isungunuke. Chibadwire sindinalandirepo mlendo popanda nkhuku.

Tadala waimba. "Agogo, nkhuku no, chonde. Amake Ravi sadya nyama." Ndati nsomba? Ayi. Mazira? Ayi. Ndati akudwala? Akuti ndi chipembedzo. Za mapemphero a eni sindilowerera. Nkhuku yabwerera mufiliji, yangoyenda ulendo wachabe.

Ndatsala ndi bwemba. Uyu yekha sindifunsa foni. Kumuviika m'madzi ofunda, kufinya ndi manja, kusefa, shuga, kamchere, kambuzi m'modzi, kuwiritsa mpaka azikoka ngati uchi. Mabotolo awiri. Limodzi la chaati, lina langa, ndabisa kuseri kwa mkaka.

Lachisanu

Mkangano! Tadala akuti tinyamule chilichonse pachokha, tikasakanize alendo atafika. Atafika! Mlendo akhale pampando akundionerera ndikulira ndi anyezi? Kwathu mlendo amapeza zonse zapsa, zavundikiridwa, tebulo layalidwa, iwe wasamba kale wavala chitenje chatsopano. Ulemu ndi umenewo.

Ndamuyankha kuti, "Chabwino, mwana wanga." Esnati amaidziwa chabwino imeneyo, wangondiyang'ana.

Ndatsuka fudu woma wamkulu wamaluwa uja. Ndasita chitenje.

Loweruka, 6 koloko m'mawa

Esnati akadali m'tulo, ndiye bwino. Timabisiketi pansi, mbatatesi zotentha, tchana, tomato wanga, chambiko, bwemba, tiulusi pamwamba. Kukongola kwake! Ndatseka kuti mpweya usathawe, ndakulunga ndi thaulo. Botolo langa lija ndaponya m'chikwama, ndikamusiyire Tadala, waonda mwanayo.

Fudu woma ndikhala naye pamiyendo njira yonse. Maola awiri ndi theka, minda ya chimanga yokhayokha, wolima osamuona.

Loweruka, 5 koloko madzulo, kuchipinda kwa Tadala

Ndathawira kuno kuti ndilembe ndisanaiwale.

Amake Ravi ndi mayi wamfupi, imvi mbuu, maso ngati a ahedi. Ndawapatsa moni, ndawerama mpaka bondo lalira. Iwo aphatikiza manja pachifuwa. Kumwetulira ayi. Takhala. Ndabweretsa fudu woma, ndamasula thaulo, ndatsegula pamaso pawo.

Phala.

Phala lofiirira. Timabisiketi tasungunuka, tiulusi tasowa, chambiko chadukaduka, madzi ali yandayanda pamwamba. Tadala watsinzina. Esnati akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nyimbo.

Mayi aja ayang'ana nthawi yaitali, kenako alankhula chinenero chawo. Ravi sakufuna kumasulira. Ndati, "Tadala, umuuze amasulire, ndinamvapo zoposa pamenepo." Zayenda kuchoka kwa Ravi kupita kwa Tadala kufika kwa ine: "Agogo, akufunsa kuti chakudyachi chamwalira nthawi yanji."

Ndati, "Uwauze 6 koloko m'mawa, ndipo malirowa ndawaperekeza ndekha pamiyendo kuchokera ku South Bend."

Zayendanso ulendo wobwerera. Zafika kwa mayi aja. Kenako aseka! Kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yawo. Atenga supuni, alawa phalalo pang'ono, aima. Akufunsa kuti bwemba ameneyu ndagula kuti. Kugula? Ndatulutsa botolo m'chikwama, ndaika patebulo. Aviika chala. Kambuzi wawagwira, atseka diso limodzi, aviikanso.

Basi andikoka dzanja mpaka kukhitchini. Kumeneko ndapeza Tadala anagula kale zonse, chilichonse m'mbale yake. Nayenso amaidziwa chabwino yanga, mwana wopanda ulemu. Mayi aja manja phethuphethu ngati bambo wapafoni uja: anyezi wamuwisi, chambiko chozizira, bwemba wanga. Andipatsa mbale ndili chiimire, akuloza pakamwa kuti pompano, osakhala pansi. Kudya choimirira, pamaso pa asewere, msinkhu wanga uno!

Ndadya. Khechekheche m'kamwa. Kuwawasa, kutsekemera, kuwawa, kuzizira, zonse pakamodzi. Ndatambasula mbale kachiwiri.

Lamulungu, 3 koloko masana, South Bend

Ndagonja. Chaati si changa. Chakudya chokana kuvundikiridwa, chosadziwa kudikira mlendo, ine ndi chimenecho sitingagwirizane. Fudu woma ndatsuka katatu, akununkhabe. Phala lotsala Esnati akuti titaye. Ndaika mufiliji, tiona.

Botolo langa lapita. Mayi aja analinyamula okha osapempha. Potsanzika anamugwira Tadala masaya onse awiri n'kunena mawu ena ake, ndipo amenewo panalibe wofuna womasulira. Mwanayo waliranso, kachitatu, koma uku ndi kulira kwina.

Mwezi wamawa amake Ravi akubwera kuno ndi amuna awo, tidzakambe za chinkhoswe. Uthenga wafika kale: bwemba ndikonze mabotolo anayi, zina zonse ndisakhudze. Ine, wophika maukwati a Chikwawa yonse, ntchito yanga yatsala kufinya bwemba. Chabwino. Ulendo uno ndi chabwino yeniyeni.

Nkhuku ija tadya lero ine ndi Esnati, awiriwiri, titakhala pansi ngati anthu.

Iwe wapeza kabukuka, ukawerenga upatsire amayi akutchalitchi kwathu, makamaka amene ana awo ayamba kubweretsa alendo amitundu ina. Koma tsamba lonena zoti ndinadya choimirira uyambe wang'amba.