Mzamba wa Msoti wa Apongozi

Mukadzafika kumidzi yozungulira esiteti ya tiyi cha ku Makwasa kuno, n'kufunsa za ine potchula dzina langa lenileni, mudzazungulira mpaka dzuwa kulowa. Koma mukadzangoti, "Kwa azamba n'kuti?" ngakhale wakabaza woti wayamba ntchito dzulo adzakutulani pakhomo panga penipeni. Chonsecho ndine mwamuna wandevu zanga, wothyola tiyi, woti sindinapondeko m'kalasi ya unamwino. Dzinali ndinalipeza chifukwa cha nkhuku. Masiku ano nkhaniyi ndimaikamba ndekha, chifukwa anzanga akamaikamba amathiramo mchere wochuluka.

Ine kwathu ndi ku Khonjeni, kuno ndili pa chikamwini. Ndinakwatira mwana wachitsiriziro wa mayi wina wolemekezeka kutchalitchi, wosalankhulalankhula, woti akangotsokomola umayamba kukumbukira machimo ako onse. Mkazi wanga atatopa ndi pakati pa mwana wathu woyamba, achipatala anati akadikirire komweko, ndipo apongozi angawo ndiwo anapita naye. M'mawa wonyamukawo anaima chapatali monga mwa ulemu wa pachipongozi, nkhope atalozetsa ku mtengo wa mapeyala, n'kundisiyira mawu.

"Akamwini, pakhomo pano palibe chovuta. Koma msoti wanga wamawangawo mundisamalire. Ndidzaupeze."

"Musadandaule amayi," ndinatero ndikuwomba m'manja. "Mudzaupeza utanenepa."

(Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina.)

Inu amene simunakhaleko pa chikamwini mwina mukuti nkhuku n'chiyani. Dziwani kuti mkamwini watsopano amayesedwa pa tinthu tating'ono. Ukaphetsa nkhuku imene wasiyiridwa, sakukalipira ayi. Amangofunsana kuchigayo kapena kuchitsime kuti, "Nanga mwana wathu ndi mdzukulu awasunga bwanji ameneyu?" Choncho msoti uja ndinkaupatsa ulemu woposa wa nkhuku. Popeza unali wa kubanja la akazi anga, ndinkautcha alamu.

Masiku oyamba zonse zinayenda bwino. Ndiye m'mawa wina ndikutsekula khola, nkhuku zonse zinatuluka mothamanga, patsogolo pali tambala wanga wofiira, chuma chokhacho chimene ndinabwera nacho kuchokera kwathu. Alamu okha anatsalira. Anangoti ndwii pakona, mapiko atagwa, mchira utaloza pansi, maso akuodzera. Ndinawaponyera madeya, osajompha. Ndinawagwirira chiswe, chakudya choti nkhuku iliyonse imasiyira ulemu, koma anangochiyang'ana chikudutsa pamapazi pawo.

Mtima wanga unangoti chitopa basi, ndatha ine.

Ndinathamangira kwa a Namakhwa, mnzanga wa khomo loyandikana, yemwenso timathyola tiyi limodzi. Iwowa alibe matenda owavuta, a munthu kaya a njinga.

"Amwene, apa n'tsabola," anatero osaiona n'komwe nkhukuyo. "Sinjani wakambuzi, muthire m'madzi, muimwetse. Mawa muipeza ikuvina."

Ndinasinja, ndinamwetsa. Alamu anayetsemula, kenaka anandiyang'ana ndi diso limodzi ngati akundilemba m'mtima. Madzulo akazi a Namakhwa anati tsabola ndi bodza la amuna awo, mankhwala enieni ndi madzi a phulusa. Nawonso ndinamwetsa. Zitakanika zonsezi ndinabwerera ku mankhwala a kwathu kuno. Ife mutu ukawawa timamwa tiyi, m'mimba mukapota tiyi, ngakhale mkazi akakukana anzako amati imwa tiyi uone bwino. Ndinaphika wakuda bii, wopanda shuga, ndinamuziziritsa, n'kumathira kukamwa kwa nkhuku ndi kasupuni. Theka linathera pa malaya anga.

Chondizunguza mutu chinali chakuti zizindikiro sizinkagwirizana. Khosi silinapindike, chitosi sichinali chobiriwira, ndipo nkhuku zinazo zinali gwa, zikupalasa m'munda mwa anthu monga mwa masiku onse. Ndinafunyulula nthenga kufuna utitiri, sindinaupeze. Alamu ankangoyenda tang'atang'a pang'ono, n'kukhala pansi, n'kutsinzina.

Kutacha, vuto linakula. Inali nyengo ya mvula, tiyi ataphukira ngati wapenga, nthawi yoti ukajomba kapitawo amakudziwa ndi dzina la agogo ako omwe. Kusiya wodwala yekha pakhomo, agalu a m'mudzi muno sadziwa chisoni. Ndiye ndinaganiza nzeru (panthawiyo inkaoneka ngati nzeru ndithu). Ndinayala kachitenje kakale pansi pa dengu langa lothyolera tiyi, ndinaikamo alamu, n'kubereka kumsana. Cholinga chinali chakuti ndikafika ndikawatsitse pamthunzi m'mphepete mwa munda, ndizikawazonda pafupipafupi.

Koma ndinafika mochedwa. Anzanga anali atalowa kale m'mizere, ndipo kapitawo anandionera patali.

"Inu akamwini a eni, mwayesa kuno n'kwa apongozi anu? Lowani mumzere!"

Ndinalowa. Ndinati ndithyole pang'ono kaye, bwanayu akatembenuka ndikatsitse katundu wanga.

Tsono manja a wothyola tiyi saganiza. Akangokhudza nsonga za tiyi amadziyendera okha: kuthyola, kudzaza chikhatho, kuponya kumsana, osacheuka n'komwe. Kutsogolo kwanga amayi anayambitsa nyimbo, a Namakhwa pambali panga anayamba kunama za mpira, ine n'kumawatsutsa. Kumsana kunali zii, poti wodwalayo analibe mphamvu zodandaulira. Abale anga, ndinaiwala. Ndinathyola m'mawa wonse, ndikukwirira nkhuku ya apongozi ndi masamba a kampani.

Nthawi ya sikelo itakwana tinandanda pamzere. Kalaliki anakoleka dengu langa, anayang'ana sikelo, anayang'ana dengu, kenaka anandiyang'ana ine.

"Achimwene, lero mwathyola ndi mitengo yomwe?"

"Ndi mphamvu chabe bwana," ndinayankha monyadira, ndikutulutsa chifuwa.

"Takhuthulani apa tione mphamvuzo."

Ndisanaligwire n'komwe dengulo, masamba anayamba kugwedezeka okha. Mayi wina anakuwa kuti njoka, anthu n'kubalalika. Kenaka pakati pa masamba panatulukira mutu wa alamu, katsamba ka tiyi kali pamutu, akuphethira mwaulemu ngati mlendo wofika pamaliro olakwika.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Ena anagwa pansi, ena anagwira m'mimba. Kapitawo anavula chipewa n'kudzipepesera nacho mphepo.

"Ntchito ino ndakalamba nayo," anatero. "Oika miyala ndawagwira, onyowetsa masamba ndawagwira. Koma wa nkhuku ndamuona lero."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinafotokoza zonse, za apongozi, za tsabola, za tiyi. Pa tiyipo anasekanso kachiwiri. Ndiye amake Esinati, mayi wa mzere woyandikana ndi wanga, amene amaweta nkhuku zambiri kwawo, anapukuta misozi n'kunyamula wodwalayo. Anamusisita chakumimba, pafupi ndi mchira, n'kugwedeza mutu.

"Chitopa chake chiti? Tagwirani apa. Mwamva cholimbacho? Ndi dzira limenelo, lakakamira. Msotiwu n'koyamba kuikira, ndiye koyamba kumavuta. Tifunseni ife."

Amayi onse anavomera pamodzi kuti eee, tifunseni ife.

"Thamangani kunyumba," anapitiriza. "Muukhazike m'madzi ofunda, chakumunsi kokhaku, thupi limasuke. Mukatero mudzoze mafuta potulukira dzirapo, muufunditse. Koma osafinya, mwamva? Likasweka m'kati, mwaupha."

Kapitawo anandiloleza. "Pitani nawo odwala anuwo. Masambawa tiyeza opanda nyama."

Kunyumba ndinatereka madzi mofulumira, koma poikamo wodwala panasowa. Beseni lathu lakale linali lobooka, ndowa inali yakuya moti alamu akanamira. Ndikuzungulirazungulira m'nyumba, maso anagwera kunsi kwa bedi. Kumeneko kunali beseni latsopano la buluu, m'kati mwake muli thawulo loyera ndi botolo la mafuta odzola losatsekula. Katundu wa mwana wathu wosabadwayo. Mkazi wanga ponyamuka anachita kundiloza chala kuti zimenezi ngakhale kuziyang'ana ndisaziyang'ane.

(Mumtima ndinati ndikungobwereka. Mwini wake sanafike, adziwa bwanji?)

Ndinagwada kuseri kwa nyumba, manja a malaya nditapinda, nkhuku ili m'beseni la mwana. Poyamba inaphupha, kenaka madzi ofunda aja anaikomera, inangoti phee ngati bwana. M'thumba foni inayamba kulira. Manja anali onyowa, ndiye ndinaisiya. Nditaivuula nkhuku ija n'kuidzoza mafuta, foni inaliranso. Ndinati woimbayo adikire, kuno kuli matenda. Ndinaikulunga m'thawulo loyera lija n'kuikhazika pamiyendo panga, dzanja limodzi ndatchera kunsi.

Posakhalitsa ndinamva thupi lake likukungika. Inatsekula mlomo, ikupuma mwabefu. Nanenso thukuta linali kamukamu.

"Limbani mtima alamu," ndinayamba kuilimbikitsa mokweza. "Kankhani! Kankhaninso! Latsala pang'ono, musandichititse manyazi!"

Belu la kabaza ndinalimva ndithu kumaso kwa nyumba, koma ndinalibe nalo ntchito. Chimene chinandiumitsa thupi ndi kutsokomola kumene kunamveka kumbuyo kwanga. Kutsokomola kumeneko ndikanakuzindikira ngakhale pakati pa msika.

Ndinacheuka. Apongozi anali chiimire, wakabaza akusuzumira paphewa pawo. Chikwatirire anali asanandiyang'anepo m'maso, koma tsiku limenelo mtengo wa mapeyala anauiwala. Anayang'ana beseni, anayang'ana botolo lotsekula, anayang'ana thawulo, kenaka ine.

Nthawi yomweyo chinthu chofunda chinagwera m'dzanja langa. Dzira, lalikulu ngati la bakha. Alamu anadzikutumula, anadumpha pamiyendo panga, n'kuyamba kutetera mudzi wonse kumva.

Mutu utasokonezeka, ndinatambasula dzanja kuonetsa dziralo. "Amayi," ndinatero, "zatheka."

Ndinaona mapewa a apongozi akugwedezeka, ndinati basi akulira, ukwati wanga wathera pano. Koma kunali kuseka. Mayi woti kumwetulira kwake ndinali ndisanakuonepo anaseka mpaka kukhala pa mtondo, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye chifukwa chake foni simukuyankha? Muli pa ntchito eti?" anatero atapezako mpweya. "Chabwino azamba. Ukonso mnzanu wachira. Mwana wamkazi, wonenepa bwino. Onse ali bwinobwino."

Chimwemwe chimene ndinamva sindingachifotokoze. Ndinadumpha, ndinavina, ndinakumbatira wakabaza woti sindimudziwa, dzira lili m'manja. Misozi inkangotsika yokha. Ndinali bambo! Ndiponso msoti wa apongozi unali uko ukujompha madeya ngati sunadwalepo. Ndinadziona ngati mkamwini woposa akamwini onse a m'boma la Thyolo.

"Ndabwerera katundu wa mwanayu," anatero apongozi akuimirira. "Besenilo mutsuke ndi sopo mpaka litaiwala zimene laona. Mukatha munole mpeni. Msotiwu ndinkausungira msuzi wa mwana wanga akadzachira."

Kuvina kunathera m'malere.

"Uti amayi? Uwu?"

"Nanga ndinkati mundisamalire chifukwa chiyani?"

Ndinagwadanso pomwe ndinagwada poyamba paja. Ndinawauza za tsabola, za phulusa, za dengu, za manyazi a kusikelo. Ndinati amayi, nkhukuyi tavutika nayo limodzi, yaona zambiri, dzanja limene laithandiza silingaidulenso khosi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akuluma mlomo kuti asasekenso.

"Mwanena zoona akamwini," anatero. "Nkhuku yoti yayamba kuikira siphedwa. Koma mwana wanga msuzi amwa lero lomwe."

Atatero maso awo anayenda pang'onopang'ono pabwalo, mpaka anakaima pa tambala wanga wofiira, yemwe ankadzikuza pamwamba pa mulu wa nkhuni osadziwa kanthu. Madzulo ake ndinapita kuchipatala kukaona mwana wanga, nditanyamula poto wofunda bwino. Mkazi wanga anati msuzi wokoma choncho anali asanamwepo. Za beseni anamva tsiku lomwelo, ndipo zimene anandiuza sindingazilembe pano.

Wakabaza uja ndiye anafalitsa nkhani. Pofika m'mawa mwake, ndikulowa m'munda, mzere wonse unandilonjera kuti, "Mwadzuka bwanji azamba?" Mpaka lero amayi a m'mudzi muno nkhuku zawo zikayamba kuodzera amabwera nazo kwa ine, ndipo kunena zoona sindiwabweza. Alamu ali moyo, adzaza bwalo ndi ana ndi zidzukulu, koma akandiona ndi kapu ya tiyi amathawa.

Mkazi wanga amati phunziro la nkhaniyi ndi lakuti foni ikalira uziyankha. Ine ndimati phunziro ndi lakuti ukasiyiridwa nkhuku uzifunsa kaye kuti ndi ya chiyani. Sitinagwirizanebe. Pano mayi a m'nyumbawa ndi oyembekezeranso, ndipo beseni latsopano akalibisa kwa amayi awo, m'chipinda chokiya. Zimenezo sizikundidandaulitsa. Chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndinapezanso tambala wina, wakuda, wokongola kwabasi, ndipo dzulo ndinaona apongozi akumuponyera madeya.