Malo Opumulira Amene Ndinasankha Ndekha

Mpaka lero kunyumba kwathu wina akangotchula za malo abata, mayi a Tadala amaseka mpaka kugwira nthiti, ine n'kumangoyang'ana kudenga. Ndiye bola nkhaniyi ndiifotokoze ndekha, ena asanaithire mchere.

Mkazi wangayu ndi namwino wa ana. Zaka zonsezi makutu ake amangomva kulira, m'mawa kulira, madzulo kulira. Atapatsidwa tchuthi cha masiku anayi, ndinamulonjeza (ndikudziguguda pachifuwa, ndithu) kuti ndimutengera kumapiri a ku Dedza, kumalo koti sakamva ngakhale khanda limodzi. Alamu anga anatibwereka kalavani yawo, kanyumba koyera kokoka ndi galimoto, kokhala ndi bedi ndi kambaula m'katimo.

"Bambo a Tadala, bwanji tikaime kumalo ogona alendo? Kuli madzi, kuli chimbudzi, bwalo loimikapo liliponso," anatero mayiwa tikudutsa pa Linthipe.

"Kumeneko n'kwa anthu osadziwa dera," ndinayankha. "Ine mchombo wanga unagwera konkuno." (Zoona unagwera konkuno, koma ndinachoka ndisanayambe n'sukulu yomwe.)

Malo oyamba amene ndinasankha anali m'mbali mwa dambo, pa udzu wobiriwira bwino. Matayala anatitimira m'matope, ndipo tinatulukamo mochita kukankhidwa ndi amuna anayi amene ankathirira kabichi. Achiwiri anali kamsitu kokongola pakati pa minda. Ndikuti ndikhotere kumeneko, mkulu wina wa panjinga anandiimitsa n'kufunsa mwaulemu kuti, "Pepanitu, kodi malirowa ndi a kwa yani?" Ndinabwerera chafutambuyo. Mkazi wanga ankangosenda nthochi.

Dzuwa litapendeka, chakufupi ndi Chongoni, ndinaona malo enieni: mtengo waukulu wa kachere, pansi pake posesedwa bwino, posalala ngati pakhonde, mapiri ali apo. Panthambi ina panalendewera kachingwe, ndipo ndinakolekapo thaulo langa n'kunena kuti Mulungu amakonzeratu zinthu. Mayi wina wosenza nkhuni ankadutsa, ndiye ndinamufunsa ngati tingaime pamenepo.

"Eya, ndi pomwepo," anatero. "Koma ulendo uno mwafulumiratu. Ndikawauza anzanga."

Ndinatembenukira kwa mkazi wanga. "Mwawaona anthu akwathu? Alendo amawalandira chonchi."

M'mawa, kukuzizira kwa ku Dedza kuja, ndinadzutsidwa ndi kaphokoso konga ka tiana ta mbuzi. Ndinatsegula chitseko nditavala chijasi choyera chosambira cha alamu, kunsiku kabudula wogonera, mswachi uli m'kamwa. Abale anga, mzere wa amayi kuyambira pachitseko changa mpaka kumsewu, aliyense mwana kumsana, kabuku ka kuchipatala m'manja. Atandiona anawomba m'manja mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji adokotala?"

Apa mpamene mutu wanga unagwira ntchito. Mtengo uja ndi pamene pamachitikira sikelo ya ana mwezi ndi mwezi, kachingwe kaja n'kopachikapo sikeloyo, ndipo tsiku lake linali lomwelo. Galimoto yokoka kanyumba koyera, ikaima pamenepo, munthu angaganize chiyaninso?

Ndisanachotse n'komwe mswachi, mayi wina anandipatsira mwana. "Adokotala, uyu sakuyamwa bwino." Mwanayo anandiyang'ana kamodzi kokha n'kuyamba kulira, anzake onse n'kumulandira ngati kwaya ya ku Kasina. Chinthu chimodzi chokha ndinamulonjeza mkazi wanga, ndipo ndinamugoneka pakati penipeni pa chimene ankathawa. Ndinaganiza zothawitsa kalavaniyo iye akadali m'tulo, koma pachitsulo chokokera panali patakhala amayi awiri akuyamwitsa.

Apa mkazi wanga anatulukira pachitseko. Mayi a Tadala anayang'ana mzere uja, anayang'ana chijasi changa, anayang'ana miyendo yanga yotuwa ndi chisanu. Ndinadikira mkwiyo. Koma anangokhala pansi pakhomopo n'kuseka mpaka misozi.

"Bweretsani kuno mwanayo," anatero atapeza mpweya. "Mwamunyamula ngati dzungu."

Anamanga chitenje n'kuyamba ntchito. Mlangizi wa zaumoyo atafika panjinga ndi sikelo yake, anapeza namwino weniweni akuona kale ana, ndipo sanafunse n'komwe kuti tachokera kuti. Ine ananditsitsa udindo, kuchoka pa udokotala kukhala wokweza ana pasikelo. Atatu anandikodzera. (Alamu mpaka pano sadziwa chifukwa chimene chijasi chawo chinabwerera chochapidwa kawiri.)

Pomwe dzuwa limafika paliwombo ntchito inali itatha, koma amayi aja sanabalalike. Ena anabwera ndi mbatatesi, ena mapichesi, kenako anayambitsa nyimbo yotchula dzina la mkazi wanga n'kumukokera pakati. Anavinatu mayiwa, fumbi koboo. Kuvina kotero ndinakuona komaliza pa ukwati wathu.

Onse atapita ndinakhala pafupi naye n'kupepesa. "Ndinakulonjezani mpumulo, ndakugwiritsani ntchito."

"Zaka zonsezi kuchipatala kuja palibe anandiimbirapo nyimbo," anatero. "Tisasamuke pano. Ndipo inu musasankhenso malo ena."

Tinakhala pomwepo masiku onse otsalawo. Masiku ano ndikamafotokozera anthu, ndimanena kuti malowo ndinasankha dala, ndinkadziwa zonse. Palibe amene amakhulupirira, koma mayi a Tadala bodza limeneli amangondisiyira.