Maluwa amene anapeza nyumba ku Simmering

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zanyumba,

Bwana, pepani pokutayitsani nthawi. Ine ndine Hermine Pospischil, wosesa masitepe pamdadada wa bungwe la Abendruh kuno ku Simmering kuyambira pa 2 Meyi 1998. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho lamulo lanu latsopano anachita kundimasulira mwana wanga Gerlinde. Akuti mabungwe a nyumba ngati lathuli asamapeze phindu lalikulu, ndipo nyumba zizipita kwa osowa pokhala. Ndalemba kuti ndithokoze.

1. Ndikuthokoza kuti bungwe lathu lamvera. Phindu silikupezadi. Nyumba zisanu zapamwamba, zimene eni ake anamwalira kapena kusamuka, mkulu wa bungwe, a Kratochwil, anazigulitsa motchipa kwa alamu awo. Alamuwo sanabwerepo. Akuti akudikira kuti mitengo ikwere, ndipo ndi munthu wodekha.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha woyendera amene munatitumizira pa 9 Juni. Ndi bambo waulemu, sanafune kuvutitsa anthu ndi kugogoda. Anaima pabwalo n'kuyang'ana m'mwamba. Monga mudziwa, kwathu kuno pawindo pakakhala maluwa ndiye kuti m'nyumbamo muli munthu. Anapeza maluwa pamawindo onse, analemba kuti mdadada ngodzaza, n'kupita kukamwa khofi ndi a Kratochwil.

Maluwa apamwambawo amathirira ndine. Makiyi a Kratochwil anandipatsa kutatsala sabata kuti woyenderayo abwere, ndipo amandiwonjezera mayuro 12 pamwezi. Maluwawo akukula bwino. Kukazizira ndimawalowetsa m'kati n'kuwayatsira chotenthetsera, chifukwa a Kratochwil safuna kuti chamoyo chilichonse chivutike m'nyumba zimenezi.

3. Ndikuthokoza kuti Gerlinde sanachotsedwe pamndandanda wa odikira nyumba. Analembetsa pa 14 Okutobala 2019 ali woyembekezera. Mwana amene anabadwayo tsopano amawerenga yekha. Ku ofesi Gerlinde amamulandira bwino, amamuuza kuti malo kulibe, n'kumuonetsa lipoti la woyendera wanu uja. Kumene akuchita lendi pangano litha pa 31 Malichi, ndipo mwini nyumba wanena kuti sawonjezera. Kwanga kuli chipinda chimodzi, momwe mumagona amuna anga ndi makina awo opumira.

Sindikupempha kuti musinthe lamulo, Bwana. Ndaona kuti amene analilemba ndi anthu ophunzira. Ndikungopempha kakalata kanu kololeza Gerlinde ndi mwana wake kuti kuyambira pa 1 Epulo azigona pansi m'nyumba nambala 27, imodzi mwa zapamwamba zija, ngati othandiza kuthirira. Sadzayandikira kuwindo, sadzasuntha mphika ngakhale umodzi, ndipo maluwa akadzadandaula, adzatuluka tsiku lomwelo.

Ine wantchito wanu wamng'ono,
Hermine Pospischil