Ndevu za Davishi, Wigi ya Azakhali

Ndakakamizika kulemba nkhaniyi chifukwa chithunzi changa chikuyendayenda m'mafoni a Amalawi a ku Toronto, ndipo ena akuti ndinasiya koleji n'kuyambitsa mpingo. Zoona zake ndi izi.

Mphunzitsi wathu wa mbiri ya zojambulajambula analamula kuti aliyense asankhe chithunzi chakale, avale monga munthu wa pachithunzipo, kenaka ajambulitse. Ine ndinasankha cha davishi wa ku Perisiya, chopentedwa m'zaka za m'ma 1800. Davishi ndi Msilamu amene wasiya za dziko kuti afunefune Mulungu. Ameneyu anavala chipewa chachitali ndi mkanjo wa zigamba, ndevu zakuda bii zikufika pachifuwa.

Mkanjo ndinasoka ndi zitenje zakutha, chipewa ndinapanga ndi katoni. Ndevu ndiye zinavuta (zanga zilipo, koma zimafuna munthu wamaso akuthwa). M'kabati ya azakhali anga, amene amandisunga ku Oshawa, kufupi ndi Toronto, ndinapezamo wigi yokulungidwa m'jumbo, kuseri kwa nsapato zakale. Ndinaganiza kuti ndi yotayidwa. Ndinaidula ndi sizasi, n'kuimata kuchibwano ndi guluu amene anali m'jumbo momwemo.

Azakhali atabwera kuntchito anaima pakhomo.

"Zikomo abambo, mukufuna ndani?" Kenaka anayandikira nagwira ndevuzo. "Iwe! Wigi yanga ya ukwati wa mawa! Ine kubisira Tadala, kani wondipweteka ndiwe?"

Tadala, mwana wawo, anali atagwa kale pansi ndi phwete.

Ndinakhula ndi sopo, ndi mafuta ophikira omwe, koma ndevu zili nganganga. Mankhwala osungunulira guluuyo azakhali anali nawo, koma anawatsekera m'chikwama. Ndinagwada, kupempha kuti mwina nditsale pakhomo.

"Ayi. Wigiyo ndinagulira ukwati, ndipo ku ukwati ipita."

Ku ukwatiko ku Markham, azakhali atamanga duku, anandigwira dzanja n'kundiyendetsa tebulo ndi tebulo. Bambo wina wa ku Chipata anaimirira navula chipewa.

"Abusa, ni chechi iti?"

"Si abusa awa," anayankha azakhali. "Ndi wigi yanga. Yabwera ndi mwana wa achimwene."

Holo yonse inafa ndi kuseka, mafoni ali m'mwamba. Azakhali anavina kuposa mayi wa mkwatibwi, dukulo likuyamikiridwa ndi aliyense, ndipo pobwerera anandiponyera mankhwala aja akuimba. Ndaphunzira kufunsa ndisanagwire sizasi.

Amene mwapeza polakwika, kaya m'Chichewa changa kaya pa za davishi, chonde ndidziwitseni kuti ndikonze. Azakhali akonzapo kale chimodzi: akuti kuimba kuja sikunali kukhululuka.