Achalachanu ndi Batani Lomaliza

Munthu amene tinkamutcha Achalachanu anatilembera mafomu a msonkho pa intaneti zaka khumi ndi ziwiri, ife tonse amalonda a mumsewu mwathu, koma batani lomaliza lotumizira sanalidinepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ankalemba zonse, kuwerenga mobwereza, kukonza pamene palakwika, kenako n'kukankhira kiyibodi kwa mwini fomu, iwo n'kupinda manja ngati munthu amene wakhuta.

"Chala chanu."

Dzinalo linachokera pamenepo. Dzina lawo lenileni linangotsala pa kalata ya uejenti wa zamisonkho imene anaipachika pakhoma. Ngakhale akazi awo akakwiya ankati, "Inu Achalachanu, mwalowanso ndi matope m'nyumba."

Ine sindikonda kutamanda anthu. Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti kutamanda wamoyo n'kumuwononga, ndipo wakufa samva. Choncho ndingonena zimene ndinaona ndi zimene ndinamva. Chipumireni pa uphunzitsi ndimagulitsa mabuku ndi makope khomo loyandikana ndi pamene panali ofesi yawo, ndipo khoma lotilekanitsa ndi la matabwa. Zambiri ndinazimva osafuna.

Ofesiyo inali kachipinda koti ukayetsemula umagunda khoma. Munali tebulo, kompyuta, mipando iwiri, ndi fani imene inkapukusa mutu tsiku lonse ngati ikukana zimene makasitomala akunena. Mwini wake anali wamfupi, wamimba, magalasi ali pansonga ya mphuno. Pamwamba pa batani lija pamakhala mawu akuti wotumiza akutsimikiza kuti zonse zolembedwa n'zoona. Ambiri sawawerenga. Achalachanu ankawawerenga mokweza ngati akumangitsa ukwati, kenako n'kukuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Zoona?"

Mayi atelala, amene amasoka zovala moyang'anana ndi ife, tsiku loyamba anakana.

"Bambo, ine zimakina zanuzi ndimaziopa. Tangodinani inu."

"Mayi, makina anu ali ndi singano, amaboola chala. Angawa alibe ndi mano omwe."

"Nanga ndikadina molakwika boma n'kubwera?"

"Likabwera lidzafuna amene ananena kuti n'zoona. Madiresiwo ndinasoka ine? Ine ndakunyamulirani katundu mpaka pakhomo. Kugogoda n'kwanu."

Anadina atatsinzina, ngati akubayidwa jakisoni. Chaka chotsatira anabwera atapaka utoto wofiira chikhadabo chimodzi chokha, nati, "Lero ndabwera nacho chokonzeka."

Amakaniko a mumsewu mwathu anayesa nzeru ina. Anatambasula manja akuda bii ndi girisi, nati, "Akulu, ndikudetserani makina. Dinani inu." Achalachanu anawerama, n'kutulutsa pansi pa tebulo beseni, sopo ndi thaulo. Pambuyo pake tinazindikira kuti besenilo analigulira amakaniko okha, ndipo linkawadikirira chaka ndi chaka.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandidetsa nkhawa. Kuti ulowe pamene pali fomu yako pamafunika mawu achinsinsi aja amati pasiwedi, ndipo ambirife athu sitinkawadziwa. Si kuti ankatibisira. Chaka chilichonse akawasintha ankafuna kutiuza, ife n'kumati, "Sungani inu, ife tiiwala." Choncho makiyi a msewu wonse anali m'mutu umodzi wadazi.

Tsiku lina ndinawauza. "Mutu umenewo ukadzagona osadzuka, tonse tidzatsekeredwa panja."

"Aphunzitsi, inu mumaganiza za maliro ngakhale mukutsuka mano. Kodi mumaseka liti?"

"Pakakhala choseketsa."

"Ndiye kuti galasi mulibe kwanu."

Sindinaseke. Ndinaona kuti funso langa sanaliyankhe.

Tsopano ndinene za mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, amene amagulitsa misomali, maloko ndi penti. Si munthu woipa, koma choonadi amachigulitsa pang'onopang'ono ngati misomali. Chaka chimenecho anatsegula shopu yachiwiri kuseri kwa depoti. Anapezanso mwayi wopereka maloko ndi penti kwa omanga nyumba yaikulu yosanja, koma omangawo ankafuna chikalata chosonyeza kuti za msonkho zake zili bwino. Popanda chikalatacho mwayiwo ukanapita kwa wina. Analowa mu ofesi muja kutatsala mwezi kuti tsiku lotsekera kutumiza mafomu lifike, ndipo matabwa anandibweretsera zonse.

"Lembani shopu imodzi."

"Nanga ija ya kuseri kwa depoti?"

"Imene ija si shopu. Ndi posungira katundu chabe."

"Posungira katundu pokhala ndi sikelo, kauntala, ndi chikwangwani choti takulandirani?"

"Ndi ya mayi akunyumba."

"Mayi akunyumba ndinakumana nawo dzulo. Akuti ngakhale makiyi ake sanawaonepo."

"Kodi inu ndinu ejenti wanga kapena wa boma?"

"Wanu, achimwene. N'chifukwa chake sindikufuna mukagone kumene kulibe matiresi."

"Lembani zimene ndanena, mudine. Mlandu ndi wanga."

"Mlandu wanu, chala changa? Ayi. Komanso bodza limene ndikulidziwa sindilemba. Kalata ili pakhomayi ndinaipeza movutikira, ndipo amene anandipatsa angathe kundilanda."

Mpando unagwa, chitseko chinamenyetsedwa, makope anga anagwa pashelefu. Kuyambira tsikulo mlamu wanga ankadutsa tsidya lina la msewu, nkhope itayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Ankauza aliyense kuti apeza ejenti wina womvera. Sanamupeze msanga, chifukwa ejenti aliyense ankayamba ndi kufunsa pasiwedi, ndipo kuti akaipemphe kwa Achalachanu manyazi anamugwira.

Kenako Achalachanu anadwala. Sabata imodzi yokha m'chipatala, basi anapita. Kunali kutatsala masiku anayi kuti tsiku lotsekera lifike.

Pamaliro anthu analira kwambiri, ndipo poti ndalonjeza kunena zoona, misozi ina inali ya pasiwedi. Kukatenga yatsopano ku ofesi ya misonkho pa nthawi ngati imeneyo kumafuna kuima pamzere masiku angapo, ndipo wochedwa kutumiza amalangidwa. Amene analira kuposa onse anali mlamu wanga, mpaka alendo ankafunsa ngati ndi mng'ono wa malemu.

M'mawa wotsatira maliro akazi a malemu anatsegula ofesi ija, atanyamula katoni ya nsapato. Tinasonkhana pakhomo. Anati amuna awo chaka chilichonse ankalemba pasiwedi ya munthu aliyense, kuika mu envelopu yakeyake, kumata, n'kuwotcha za chaka chatha. Katoniyo inkakhala pamwamba pa wadirobu zaka zonsezi, ndipo iwo anauzidwa kuti asadzatsegule ngakhale imodzi. Ndiye kuti funso langa lija linali litayankhidwa kalekale, kungoti malemu sanafune kundipatsa mwayi woti ndinene kuti ndawathandiza nzeru.

Mayi atelala anatsegula yawo, n'kuiwerenga mokweza asanakumbuke kuti ndi chinsinsi: "MusaopeMayi7." Amakaniko anapeza "SambaniKaye4," ndipo anayang'ana manja awo. Anthu amene dzulo lake ankalira anayamba kuseka, ena kubisa zawo m'thumba mofulumira. Mlamu wanga anaima kumbuyo kwa onse. Maina ankatha, katoni inkapepuka, lake osamveka. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwake.

Pomaliza mayi aja anakweza envelopu imodzi. "Iyi anati ndikaperekere tsidya lina la msewu, poti mwini wake ndi kumene amadutsa. Koma poti mwabwera nokha, bambo, landirani."

Masana ake mlamu analowa m'shopu mwanga kudzabwereka kompyuta.

"Alamu, tatembenukani. Ndi zachinsinsi."

Ndinatembenukira kumashelefu. Koma mlamu wanga satha kulemba osatchula zimene akulemba, ndipo amasaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira.

"Ma... sho... pu... A... wi... ri... thuu."

Ndinakonza makope amene anali okonza kale.

Pasiwediyo inamulowetsa pamene panali fomu yake. Ndinacheuka. Fomu inali yolembedwa yonse, mashopu onse awiri alimo, chilichonse pamalo pake, yosungidwa koma yosatumizidwa. Achalachanu anaimaliza asanapite kuchipatala, ngakhale mwini wake sankawapatsa moni. Pansi pake panali mawu aja otsimikiza, ndi batani likudikira.

"Munthu uyu ndi wamwano ngakhale m'manda," anatero mlamu.

"Mungathe kufufuta shopu inayo. Palibe wokuletsani tsopano."

"Ndifufute, kenako chaka chamawa ndidzalembenso mashopu awiri kuti ndilowe? Ndiye kuti ndizidziulula pakhomo n'kukanama m'nyumba?"

Anapukuta magalasi, anakanda mutu, anafunsa ngati netiweki siithawa. Kenako anandikankhira kiyibodi.

"Alamu, tadinani inu."

Sindinaganize zoti ndinene. Mawu anangotuluka okha, ndipo ndinazindikira kuti manja anga ndapinda.

"Chala chanu."

Anandiyang'ana ngati wamva mzukwa. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene akufuna kulira, n'kudina. Chikalata chija anachilandira m'nthawi yake, ndipo maloko a nyumba yosanja ija ndi ake. Masiku ano akamafotokoza nkhaniyi amati iye ndi malemu ankagwirizana kwambiri pa nkhani ya chilungamo. Ine sinditsutsa, poti ndi mwamuna wa mlongo wanga.

M'kachipinda muja tsopano akugulitsamo zotchingira mafoni. Khoma la matabwa silindibweretseranso kanthu koma nyimbo. Kunabwera ejenti wina kumapeto kwa msewu, waulemu ndithu, wachangu. Amalemba, amadina yekha, iwe usanakhale n'komwe pampando, ndipo safunsa ngati n'zoona. Anthu amati ntchito yaphweka. Komabe ndamva kuti mayi atelala anamugwira dzanja lili m'malere, n'kumuonetsa chikhadabo chofiira, ndipo amakaniko amapita kumeneko atasamba m'manja popanda wowauza.

Yanga envelopu ndinakaitsegulira kunyumba, chitseko chotseka. Munalembedwa kuti "SekaniAphunzitsi1." Sindinaone choseketsa. Chaka chilichonse makina amandiuza kuti mawuwa akalamba, ndiike ena. Ine ndimangosintha nambala, ndipo pano ndafika pa 4.