Musazule Pulagi

Pulani yonse anaijambula patebulo la m'bala ndi zotsekera mabotolo. Mapulani anali munthu wotero, sakanaba ngakhale nkhuku asanaiitanire msonkhano. Linali Lamulungu masana, mowa utafika pamene aliyense amadziona wanzeru, ndipo anyamata ake awiri anaweramira patebulopo ngati akumva zakuya.

"Iyi ndi shopu ya Mawaya," anatero Mapulani, akuika paketi ya ndudu pakati. "Apa ndi chitseko chakumbuyo. Aka ndiwe, Chitsulo. Aka ndi Giya ndi galimoto."

"Nanga kanga bwanji n'kopindika?" anafunsa Giya.

"Kafanana ndi mwini wake. Khala chete."

Chitsulo anali chimunthu cha mapewa odzaza khomo, chimene nzeru zake zinkafika mochedwa koma mwaulemu. Giya anali dalaivala wopanda galimoto. Pa ntchito zazikulu ankabwereka kavani ka mlamu wake wogulitsa mazira. Mawaya, amene ankati amubereyo, anali wokonza mafoni, ndipo masana aliwonse ankakhoma shopu n'kupita kukadya. Ankatafuna mosathamanga, tawuni yonse inkadziwa.

"Kupatula mafoni, muli timakina tija ta m'manja," anatero Giya. "Azibambo a mimba zawo akulimbirana. Mawaya amatenga kompyuta yakale ija, ya nthawi ya makaseti, n'kuilowetsa yonse m'kanthu kokwana m'thumba."

"Imakwanamo bwanji?" anafunsa Chitsulo.

"Siikwana, aise. Kamakinako kamangonamizira kuti ndi kompyuta ija, gemu n'kukhulupirira."

Chitsulo anagwedeza mutu posilira. Sanadziwe kuti makina nawo ali ndi akathyali.

"Zimenezo si zathu," anadula Mapulani. "Lamulo ndi limodzi: osayatsa kanthu. Timalowa, timadzaza chikwama, timatuluka. Palibe zoyesa mahedifoni ngati ulendo uja, Chitsulo. Dolo sayang'ana katundu kumaso." Anagunditsa mabotolo, ndipo Mapulani anamwa ngati munthu amene ntchito waimaliza kale.

Mawa lake masana, Mawaya atangokhota pakona, kavani ka mazira kanaima kumbuyo kwa shopu. Giya anatsala pachiwongolero injini ikulira, chifukwa kavaniko kakazima kankafuna pemphero ndi anthu okankha. Chitsulo anathyola loko kamodzi n'kamodzi, kenako anayamba kukoka chitseko. Anakoka, natsamira phazi kukhoma, nakokanso mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Mapulani anangochikankha ndi chala, chitseko n'kutseguka.

"N'chokankha ichi," anatero. "Uzikumbukira."

M'shopumo munkanunkha waya wopsa. Pabenchi panali mafoni otsegulidwa mimba, tizomangira tili m'sosala, ndi galasi lokulitsa zinthu. Chitsulo anayamba kusesera zonse m'chikwama. Mapulani anaima pakati manja m'chiuno, monga bwana woyendera ntchito. Ndipo pamenepo anamva kanyimbo.

Kanali kanyimbo kowonda, kolira m'mphuno, tii-ti-ti-tii, kochokera kumapeto kwa benchi. Mapulani anauma. Mutu wake unali usanakumbukire, koma zala zinali zitayamba kale kugwedera. Anayandikira. Pakamakina ka m'manja, kolumikizidwa kukhoma ndi kawaya kafupi, kamunthu ka ambulera kankayenda uku ndi uku m'chipinda chodzaza abakha.

Mapulani ali mwana, bambo ake anabwera kunyumba ndi kompyuta imene ofesi yawo inataya. Ankailumikiza ku TV, ndipo gemu inkalowa kuchokera pa kaseti, ikulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Gemu yake inali imeneyi. Kamunthu ka ambulera kamakwera nsanja chipinda ndi chipinda, kulumpha abakha, kuzemba maketulo olavula nthunzi, ndipo pamwamba penipeni pali chitseko chobiriwira. Mapulani anachiona chitsekocho kambirimbiri, koma sanachitsegulepo. Nthawi iliyonse akachiyandikira, bambo ake ankalowa, n'kunena kuti yakwana nthawi ya nkhani, n'kuzula pulagi. Sankafunsa, sankadikira. Kenako kompyutayo inapsa, bambo akewo anamwalira, mwana uja n'kukula kukhala wakuba. Koma za chitsekocho sanawakhululukire, ndipo mpaka lero ankachilota.

Wolamula kuti pasayatsidwe kanthu anakoka mpando wa Mawaya n'kukhala.

"Bigi, nanga lamulo lija?" anafunsa Chitsulo.

"Sindinayatse. Ndakapeza koyaka."

Zala zinakumbukira zonse. Bakha woyamba analumphidwa, wachiwirinso. Mapulani anali atangolowa chipinda chotsatira pamene Chitsulo, pofuna kuthandiza, anatambasula dzanja. "Tikaseweretu kunyumba," anatero, n'kukoka waya. Kamakinako kanathima nthawi yomweyo.

Mapulani anatembenuka pang'onopang'ono. Chitsulo, amene anamenyanapo ndi alonda atatu nthawi imodzi, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda shelefu. Mapulani atakatembenuza kamakinako anaona kuti kumsana n'kotsegula, ndipo batire lake lotupa lili poteropo pabenchi. Mawaya anali atalichotsa kuti aikemo latsopano. Moyo wonse wa kamakinako unali m'kawaya kaja.

"Bwezera," anatero Mapulani. "Ndipo dzanja limenelo likayandikiranso pulagi, ndilidula ndi mano."

Chitsulo anabwezera. Pagalasi panaoneka mizeremizere yamitundu, ndipo kamakinako kanayamba kulira ngati mphaka uja. Mawaya anali munthu wokonda zinthu zenizeni. Anakatchera kuti kazinamizira mpaka kuchedwa kwa kaseti. Choncho mbava ziwiri zazikulu zinakhala m'shopu ya mwini, chitseko chothyola chili kumbuyo kwawo, zikudikira kaseti imene kunalibe.

"Kadwala?" ananong'ona Chitsulo.

"Kakulowa. Usapume mwamphamvu, kamakhumudwa."

Gemu itabwerera, Mapulani anawerama. Chitsulo anaima kumbuyo kwake chikwama chili paphewa. Pofika ku maketulo, chikwamacho chinali pansi. Pofika chipinda cha makwerero oterera, Chitsulo anali atasanduka mphunzitsi.

"Lumphani. Ayi, dikirani. Tsegulani ambulera, bigi, ambulera."

"Unayamba waseweraponso iwe?"

"Ayi, koma ndikuona kuti mukulakwitsa."

Kunja hutala inalira kamodzi, kenako kawiri. Kenako Giya analowa ali thukuta lokhalokha, maso ali tuzu.

"Amwene, mukuphika kapena? Mafuta a mlamu wanga akutha, ndipo mayi wina wandigula kale thireyi ya mazira poganiza kuti ndi..." Anasuzumira paphewa la Mapulani. "Kabakhako kakubwerera kumanzere."

"Ndakaona."

"Simunakaone. Sunthani pang'ono, ndione nawo."

Kunja kuja injini inatsokomola, inatsokomolanso, n'kukhala chete. Palibe anaimva. Mitu itatu inali itagundana pamwamba pa kagalasi kochepa ngati chikhatho, ndipo kamunthu kakalumpha onse ankanyamuka pang'ono. Kakagwa ankabuula limodzi. Mapulani anali atatsala ndi moyo umodzi wokha pamene makwerero anatha, ndipo pamwamba pa galasi, kuseri kwa abakha othamanga, chinaoneka chitseko chobiriwira. Anali wokondwa kuposa tsiku lililonse limene anabapo kanthu, ndiponso anali ndi mantha a mwana womvetsera mapazi a bambo ake pakhonde.

"Musathamange," anatero mawu ena kumbuyo kwawo. "Dikirani bakha wachiwiriyo adutse."

"Mwamva?" anatero Chitsulo osatembenuka. "Ndi zomwe ndikunena ine."

"Pamenepo pali kamsampha," mawuwo anapitiriza. Anali mawu achizimayi.

Giya ndiye anayamba kuwerenga anthu. Anabwera atatu, onse aamuna. Anatembenuka. Kumbuyo kwawo kunaima Mawaya, chotokosera m'mano chikadali pakamwa, ndipo pambali pake panali mayi wamtali wa yunifolomu, Sajeni wa polisi, amene anakumana ndi Mawaya panjira akubwera kudzatenga kamakina kake.

Giya analira ngati mwanapiye n'kuthamangira chitseko chakumbuyo. Chitsulo anam'pitirira, ndipo ulendo uno anakumbukira phunziro lake bwino lomwe: chitseko ichi n'chokankha. Anachikankha ndi phewa lonse. Koma cholowera mokankha chimatulukidwa mokoka, ndipo nkhani imeneyi Mapulani sanaiike pa zotsekera mabotolo zija. Chitsulo anakankha, Giya anakankha Chitsulo, Mayi Sajeni n'kuwapeza ali pantchito yotseka chitseko mwamphamvu. Anawamanga ndi unyolo umodzi, dzanja la uyu ndi dzanja la uyo.

Nthawi yonseyi chitseko chakumaso chinali pululu. Mawaya anali atathamangira kukathandiza, ndipo pakati pa Mapulani ndi msewu panalibe munthu. Iye anaziona. Anaona dzuwa panja, anthu akudutsa, minibasi itaima pakona ngati yatumidwa. Anadziwanso bwino kuti akagwidwa ulendo uno woweruza sadzamvanso nkhani ya kulapa. Anadzuka theka. Kawaya kanakungika. Anayang'ana msewu, nayang'ana kamunthu ka ambulera kataima m'mphepete mwa phompho kakumudikira. Anakhalanso pansi.

Mawaya anabwerera akupuma mwaukali. "Iwe, pampando wanga? Ndi katundu wa makasitomala anga m'chikwama?" Anawerama n'kugwira pulagi.

"Bambo, musazule."

Mawuwo anatuluka ang'ono, osweka, osati a bigi wa m'bala uja. Mapulani sanachotse maso pagalasi, koma misozi inali italengeza. "Chonde, bambo. Mundimange, mundimenye, zonse ndavomera. Koma lero lokha musazule. Ndatsala pang'ono."

Mawaya anayang'ana Mayi Sajeni. Mayi Sajeni anayang'ana galasi. Iwonso anakulira gemu yomweyi kunyumba kwa malume awo, ndipo chigulire kamakinako anali asanafikepo pachitsekocho.

"Msiyeni kaye, a Mawaya," anatero. "Woganiziridwayu sakuthawa." Anakoka akaidi awo awiri kuti nawonso aone, ndipo anthu anayi anazungulira mpando.

Bakha woyamba anadutsa. Mapulani anadikira wachiwiri, monga anauzidwira ndi boma. Analumpha. Nthunzi ya ketulo inatuluka pansi, iye n'kutsegula ambulera m'malere, kamunthu n'kuyandama pang'onopang'ono pamwamba pa phompho. Giya analuma kolala ya malaya ake. Chitsulo anafuna kuphimba maso, n'kukoka dzanja la Giya kumaso kwake. Kamunthu kanatera kumphepete kwenikweni, kanagwedera, kanaima. Kanayenda masitepe ake ang'onoang'ono n'kugunda chitseko chobiriwira.

Chitseko chinatseguka. Galasi linada kwa kanthawi, kanyimbo n'kuyambanso, tii-ti-ti-tii. Kamunthu ka ambulera kanali kataima m'chipinda choyamba chija, pansi penipeni pa nsanja, pakati pa abakha omwe aja. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano abakhawo ankathamanga kwambiri.



"Basi?" anafunsa Chitsulo.

"Basi," anatero Mawaya, akuchotsa chotokosera pakamwa. "Magemu ambiri a nthawi imeneyo ndi otero. Munalibe malo oikamo mathero."

Mapulani anayang'anitsitsa kachipindako. Ankadziwa njerwa iliyonse ya m'menemo. Zaka zonsezi anasunga mkwiyo ndi bambo ake chifukwa chomumana chipinda chimene ankachiona tsiku lililonse. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamira benchi, misozi ikugwera m'sosala ya tizomangira, ndipo ngakhale iye mwini sanadziwe ngati kunali kuseka kokha. Mkwiyo uja anaufunafuna mumtima, osaupeza.

"Madala aja ankadziwa kapena?" anadzifunsa mokweza.

"Madala anu tikawafunsa kupolisi," anatero Mayi Sajeni. "Manja kutsogolo."

Unyolo unali umodzi, ndipo unali kale ndi eni ake. Mawaya anatsegula diroo n'kupereka waya wa chaja, ndipo Mapulani anamangidwa ndi umenewo. Galimoto yapolisi inali kutali, choncho anakwera kavani ka mazira. Mafuta munalibe. Anthu a mumsewuwo anaona zimene sadzaiwala: Sajeni ali pachiwongolero, mbava zitatu zomangidwa zikukankha galimoto yawo yothawira kulowera kupolisi, Mawaya akutsatira m'mbuyo ndi chikwama.

Pokwera kamtunda Giya ankalira za mlamu wake, Chitsulo akufunsabe kuti chitseko chija chinasintha liti maganizo. Mapulani yekha ankakankha mwakachetechete, nkhope ili yowala ngati wochokera kuukwati. Atafika pamwamba anasendera pawindo la dalaivala.

"Mayi Sajeni, pepani, kafunso kamodzi."

"Loya mukam'peza komweko."

"Si za loya. Abakha othamanga aja, ndaona pozembera pake." Anatsitsa mawu. "M'chitokosi mwanumo muli soketi?"